Nkhope ya Fuki pa Galasi

Yokohama, 14 Malichi 1885

Amake Fuki,

Ndiyambe ndi moni. Muli bwanji kumeneko, inuyo, amayi, ndi kamwana kathu Fuki? Ine kuno ndili bwino. Ndikudya, ndikugona, ndipo chifuwa chimene chinandivuta chaka chatha chija chinandisiya. Kuno mphepo yayamba kufunda, koma ndikudziwa kuti kwathu ku Echigo chipale chofewa chikadali chofika m'mazenera, ndipo inu mukungokhalira kuomba nsalu mpaka msana kuuma.

Ndatumiza ndalama, mayeni atatu, ku positi ya ku Ojiya. Mugule mchere ndi mafuta a nyale, zotsalazo musungire aneba athu a Jinbei kuti adzakonze denga la kumbuyo chipale chikasungunuka. Musawapatse ntchito isanathe, mukuwadziwa bambo aja ndi mowa.

M'kalata yanu mwandiseka kuti zaka zitatu zonsezi ndikungotsuka magalasi m'nyumba yojambulira zithunzi ya a Kurata. Lekani kuseka, mwamuna wanu wakwezedwa pa ntchito. Tsopano ndine mpando.

Ndikufotokozereni. Munthu akamajambulidwa sayenera kugwedezeka ngakhale pang'ono, kuyambira pamene a Kurata atsegula diso la bokosi mpaka atalitseka. Akuluakulu timawaikira chitsulo kumbuyo kwa khosi. Nanga khanda ungaliike chitsulo? Ndiye amandikhazika ine pansi, n'kundifunditsa nsalu yamaluwa kuchokera kumutu mpaka kumapazi, n'kundiika mwanayo pamiyendo. Ndimamugwira m'chiuno, manja ali kunsi kwa nsalu, kwinaku ndikuimba kanyimbo kukamwa kuli kotseka kuti azikamvera kumsana. Chithunzi chikatuluka, anthu amangoona mwana ali phee pa mpando wokongola.

Dzana kunabwera mkazi wa munthu wina wogulitsa tiyi, ali ndi kamnyamata kolemera ngati thumba la mpunga. Fumbi la nsalu linandilowa m'mphuno, ndipo ndinayetsemula bokosi lili chotsegula.

"A Kurata, mpando wanuwu ukuyetsemula," anatero mayiyo.

"Pepani mayi, ndi wochokera ku Echigo," anayankha a Kurata. "Mipando ya kumeneko imabwera ndi chimfine chake."

Galasi limenelo linawonongeka, koma mayiyo anaseka mpaka kupukuta misozi, ndipo a Kurata sanandidule malipiro.

Tsopano chimene ndalembera kalatayi. Tsiku lonse ndimafungatira ana a eni. Ndimadziwa kulemera kwawo, ndimadziwa amene ati alire asanayambe n'komwe. Koma wanga ndinamusiya akukwawa, m'kamwa muli mano awiri okha, ndipo ndikayesa kuikumbukira nkhope yake siibwera. Zimandiwawa, sindibisa. Rihei, mnzanga wa kwathu amene amamata zithunzi pa makatoni kuno, akuti ku Nagaoka kwabwera munthu wojambula, pafupi ndi mlatho. Msewu ukatseguka pitani nonse atatu, inu, amayi ndi Fuki. Mukajambulitse pa galasi, lija amaika m'kabokosi ka mtengo wa kiri, osati papepala. La galasi ndi lotsika mtengo, komanso nkhope imaoneka bwino. Ndikufuna kuona nkhope ya mwana wanga.

Musadabwe ndi kukula kwa zilembo. Cholembera changa chatha nsonga.

Ndine wanu,
Kumezo


Yokohama, 3 Meyi 1885

Amake Fuki,

Moni nonse. Ndakondwa kumva kuti muli bwino, kuti nsalu inagulidwa, ndiponso kuti Fuki wayamba kuthamangitsa nkhuku za a Jinbei. Inenso ndili bwino.

Zoti amayi akana sindinadabwe nazo. Mawu awo ndinawamva m'kalata yanu ngati ali pompano: bokosi limayamwa moyo wa munthu, ndipo anthu atatu akajambulitsa pamodzi, wapakati ndiye amayamba kufa. Musakangane nawo. Ingowauzani kuti mantha amenewo si a kumudzi kokha. Kuno kudoko, kumene kuli sitima zautsi ndi nyale za m'misewu, anthu ovala zipewa zachizungu amaopa zomwezo.

Sabata yatha kunabwera kalipentala wina, mkazi wake ndi mwana wawo wamkazi. Anafika bwinobwino atatchena, koma atangoona malo atatu okhalapo anayamba kukankhana.

"Khalani pakati ndinu, bambo, ndinu mutu wa banja," anatero mkaziyo.

"Lero ndiye ndakhala mutu? Kunyumba mutu ndiwe. Khala."

"Oo, mukufuna nditsogole ine kuti mukatenge kamtsikana ka komwera tiyi kaja?"

"Nanga tiike mwanayu?"

Mayi uja anamukokera mwana kumbuyo kwake.

A Kurata zimenezi anazizolowera. Pa shelefu amasunga chidole chovala kimono yofiira. Anachitsitsa n'kumupatsa mwanayo kuti achinyamule. "Tsopano muli anayi," anatero. "Pa anthu anayi palibe wapakati." Banja lonse linakhala pansi mtima uli m'malo, manja atawabisa m'zovala, poti ena amatinso dzanja likajambulidwa limatupa.

Pali chidole china chakale, chobenthuka mphuno, chimene a Kurata andipatsa. Ndidzakutumizirani. Ndipo muwauze amayi kuti zikanakhala zoona, mwana wawo akanafa kalekale. Ndakhala pakati pa bambo ndi mayi kunsi kwa nsalu ija kosawerengeka, koma mpunga ndimamalizabe mbale ziwiri.

Munda wa kumtsinje umene madzi anatiwonongera uja musavutike nawo chaka chino, miyala ikadali yambiri. Mbande zonse muwokere wa kumtunda. Alamu anu akafuna kukuthandizani musakane chifukwa cha manyazi.

M'chipinda chamdima, mmene timatsukira zithunzi ndi mankhwala, sindikulowamonso. Mu Febuluwale botolo lina linandipulumuka m'manja, timadontho tinandidumphira kumaso. Kanali kanthu kakang'ono. A Kurata akuti ndimawathandiza kwambiri ndikakhala mpando.

Wanu,
Kumezo


Yokohama, 7 Juni 1885

Amake Fuki,

Moni kwa inu, kwa amayi ndi kwa mwana. Ndikhulupirira mwamaliza kuwokera ndipo miyendo yapumulako ku matope. Ine ndili bwino. Kuno ndi mvula yokhayokha, ndipo kukachita mitambo sitijambula, poti bokosi limafuna dzuwa. Zilembo mukuonazi ndi za Rihei. Ine ndinadzicheka chala ndi galasi.

Chidole chanyamulidwa ndi a Tokuji, achimwene ake a Rihei ogula nsalu aja. Mkati mwa kimono yake ndasokereramo ndalama ya wojambula ndi ya chakudya cha panjira. Musamupatse Fuki musanatulutse.

Tsopano mverani malangizo a mpando wodziwa ntchito. Mwana adye kaye, koma asakhute kwambiri, angagone. Musamumange lamba watsopano, amakanda. Musamukalipire, ndipo amayi asamutsine, chifukwa mwana wotsinidwa amaoneka pa galasi. Chachikulu n'chakuti maso ake akhale pa diso la bokosi. Ine ana okulirapo ndimawanong'oneza kuti m'bokosimo muli kambewa koyera, akangogwedezeka kathawa. Amakhala chete ngati mwala. Inu mwana wanu mukumudziwa, mumuuze chimene chingamugwire mtima.

Musadikire kukolola. Ndikudziwa kuti Nagaoka si pakhomo, ndipo amayi mawondo amawavuta, koma a Jinbei ali ndi kangolo. Pitani mwezi uno kukangocha bwino.

Ndine wanu,
Kumezo


Yokohama, 26 Julayi 1885

Amake Fuki,

Moni. Kalata yanu ndalandira, ndipo ndathokoza kuti nonse muli moyo. Ine ndili bwino, kungoti kukutentha, ndipo kunsi kwa nsalu ija munthu amatuluka ali chinyowere ngati wagwa m'chitsime. Chala chikuchedwa kupola, ndiye Rihei akundilemberabe.

Ndisaname, nditamva kuti simunapite ndinakwiya. Ndinatuluka panja osadya. Mukuti udzu m'munda wakula, mukuti amayi akuti chidole ndi chidole basi, mukuti mudzaona mukakolola. Ndipo mukuti Fuki wachikonda chidolecho, amagona nacho, wachitcha dzina. Chabwino, koma ine sindinatumize choseweretsa. Nditakhala pansi mtima unatsika. Ndinu nokha kumeneko ndi munda, nkhalamba ndi mwana, ine ndili kuno kulamula ndi pakamwa. Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndidekha, koma musandidekhetse mpaka chipale.

Masiku olandira mizimu ya makolo anadutsa bwino kuno. Ndinawayatsira malemu bambo anga kamoto pakhomo pa nyumba imene timagona. Kwathu masikuwa akubwera mwezi wamawa, mukasese pamanda, ndipo muwaikire mowa pang'ono, paja ankaukonda.

Dzulo ndinachita manyazi. Mayi wina anandipatsa mwana, ine n'kunena kuti, "Bwera kuno, mnyamata wamphamvu iwe." Mayiyo anati, "Bambo inu, mnyamata wovala duwa kumutu munamuona kuti?" Anthu anaseka, inenso ndinaseka. A Kurata okha sanaseke. Madzulo ananditengera kwa dotolo wina wa kuphiri, akuti ankafuna wowaperekeza.

Ndatumiza mayeni awiri. Mpunga wakwera mtengo kuno, ndiye mwezi uno zachepa. Musandifunse chimene ndikufulumirira. Ingopitani.

Wanu,
Kumezo

Alamu, ndine Rihei. Mawu awa ndawonjezera iye asakudziwa. Chala chake chilibe bala. Fulumirani ndi chithunzi cha mwana.


Yokohama, 6 Sepitembala 1885

Amake Fuki,

Moni kwa nonse. Mwandiletsa kulemba kuti ndili bwino, ndiye ndingoti ndili moyo, ndikudya, ndipo thupi lonse ndi lamphamvu kupatula chimene mwafunsacho.

Rihei ndamukalipira. Wangoti, "Undimenye ukandiona pamene ndaima." Munthu wopanda ulemu ameneyu ndi amene akulemba mawu anowa, ndipo ndikumumva akuseka.

Poti mwafunsa mosazungulira, ndiyankha mosazungulira. Diso la kumanzere linazima mu Febuluwale momwemo, mankhwala aja atalowamo. La kumanja likutsatira pang'onopang'ono. Dzuwa likakhala lamphamvu ndimaona bwino ndithu chinthu chimene chili pafupi. Kukayamba kuda, anthu amasanduka zithunzithunzi. Dotolo akuti mwina lindifikitsa pamene chipale chidzasungunuke, mwina ayi. Sindinakuuzeni chifukwa munali ndi katundu wokwana kale. Ndikuopa, amake Fuki. Mdimawo sindikuuopa kwenikweni, poti kunsi kwa nsalu ndinauzolowera. Ndikuopa kulowamo ndisanaone nkhope ya mwana wanga.

Mwafunsanso kuti bwanji osangobwera. Taganizani bwino. Mpando sufuna maso. A Kurata anena kuti ntchito yanga ilipo ngakhale nditapanda kuona konse, chifukwa ana amakhazikika m'manja mwanga kuposa mwa wina aliyense. Kuno ndikhoza kumakutumiziranibe kangachepe. Kumudzi munthu wosaona ndi pakamwa pongowonjezera, ndipo munda wa kumtsinje sunabwerere. Ndiye ndikhala. Chithunzi chikafika ndidzachiyang'ana mpaka nkhopeyo ikhazikike m'mutu, basi zanga zidzakhala zatheka.

Ndikanakonda amayi asamve, chifukwa anena kuti ndi bokosi lija landiyamwa. Koma ndikudziwa kuti munawauza kale, apo ayi sakanavomera ulendo. Mukuti anangofunsa ngati kangolo ka a Jinbei kali ndi mawilo onse. Amenewo ndiye amayi anga. Muwathokoze m'malo mwanga, koma mosachulutsa mawu, angasinthe maganizo.

Ndamva kuti simungachoke mpunga usanadulidwe. Ndavomera. Mukangomanga mitolo yomaliza, nyamukani. Musaiwale chidole.

Ndine wanu,
Kumezo


Yokohama, 1 Novembala 1885

Amake Fuki,

Moni inu, moni amayi, moni Fuki. Ndikhulupirira mawondo a amayi apola ku ulendo uja. Ine ndili monga mukudziwira.

A Tokuji anafika Lachinayi ndi kabokosi ndi kalata yanu. Kalatayo ndinaiika kaye pambali. Kabokosi sindinakatsegule pomwepo, poti kunali mitambo. Ndinagona nako, ndipo Lachisanu masana, dzuwa litafika pamutu, ndinakwera m'chipinda chojambulira chija chili ndi denga la magalasi. Ndinasamba m'manja, ndinakhala pansi, ndinatsegula.

Oyamba kuwaona anali amayi. Akhala pakati, msana uli chilili, manja abisa m'zovala, nkhope ili gwa ngati akukangana ndi wogula nsalu. Makwinya onse ndinawaona. Kenako inu, kumanja kwawo. Mwaonda, ndipo simunandiuze. Mwavala kimono ija munavala tsiku la ukwati wathu. Chidole chili pansi, chagona chammbali pafupi ndi phazi lanu.

Ndiye ndinapita kumanzere. Ndinaona timapazi tiwiri, tala tonse tikuoneka. Ndinaona lamba, ndinaona kadzanja kagwira bondo la agogo ake. Nditakweza diso kuti ndione nkhope, panali nkhungu yokhayokha. Ndinapukuta diso, ndinasendera pawindo, ndinatembenuza galasi uku ndi uku. Nkhungu basi. Ndinati zatha, diso landithera pakhomo penipeni.

A Kurata anandipeza ndili choncho. Anatenga kabokosi, anayang'ana ndi galasi lawo lokulitsira zinthu, ndipo anapumira m'mwamba.

"Si diso lako, Kumezo. Inenso ndikuona nkhungu. Mwanayu anasuntha."

"Musandinamize, bwana."

"Ndikunamize chifukwa chiyani? Taona mapewa, apita kutsogolo. Ameneyu amafuna kudzuka. Wojambula wa ku Nagaoka ameneyu ndi wosoka nsapato chabe, akanakhala wodziwa ntchito galasi lotere sakanakupatsani."

Apo m'pamene ndinaitana Rihei kuti andiwerengere kalata yanu. Musadziimbe mlandu, amake Fuki, ndipo lekani kupepesa. Ndalama inali ya galasi limodzi, ndi ine ndinatumiza yochepa. Ndiponso munachita zimene ndinakuuzani ine mwini. Ndinati mumuuze chimene chingamugwire mtima, inu n'kumuuza kuti abambo ake ali m'bokosimo, akumuyang'ana pa kadiso kaja. Rihei anafika pamene mwalemba kuti anakhala chete kaye, maso ali tong'o, kenako anaponya chidole pansi, n'kuweramira kutsogolo, n'kunena kuti, "Ababa, tulukanitu." Pamenepo Rihei anaika kalata pansi, ndipo ine ndinamuuza kuti akapume panja.

Za amayi nazonso ndamva. Akuti imfa si mwana woti n'kumunamiza ndi chidole, ndipo ngati ikufuna wapakati, wapakatiyo akhala iwo. Anakhala pamalo amene amawaopa moyo wawo wonse kuti ine ndione mwana wanga. Muwauze kuti ndawaona bwinobwino, ndipo akuoneka ngati munthu amene imfa ingayambe yaganiza kawiri isanamuyandikire.

A Kurata ndi munthu wabwino. Anati alipira okha galasi lina, mupitenso ku Nagaoka. Ndinakhala ndi mawu amenewo tsiku lonse. Koma ndinaganiza kuti ndikhala bwanji kuno kufungatira ana a eni, wanga akundiitana m'bokosi lopanda munthu? Dzulo ndinawauza kuti ndikupita kwathu.

"Ukadya chiyani kumeneko?" anandifunsa.

"Nkhwayira za udzu zimalukidwa ndi zala, bwana. Ndipo nthawi yowokera, amayi a m'mudzi amasowa wowagwirira ana."

"Ndiye ine mpando wina ndiupeza kuti?"

"Yesani Rihei. Sayetsemula, koma ali ndi mawondo akuthwa."

Anaseka pang'ono, kenako anandipatsa nsalu yamaluwa ija kuti ndipite nayo.

Ndikudziwa zimene ndinalemba mu Sepitembala, ndipo zikadali zoona. Ndalama ya ku positi itha, ndipo nyengo yachisanu ino tidzaimva. Ngati muli ndi mawu, mudzandikalipire ndili pakhomo. Ndinyamuka ndi a Tokuji sabata yamawa, phiri la Mikuni lisanatsekeke ndi chipale. Sitima yapamtunda itifikitsa ku Takasaki, kotsalako ndi miyendo. Musagule kanthu kondilandirira.

Ndine wanu,
Kumezo


Takasaki, 10 Novembala 1885

Amake Fuki,

Moni. Izi ndalemba ndekha, mukhululuke mizere yokhota. Ndili bwino, ndipo lero ndikunena zoona.

Tatsika sitima. Kalatayi ikwera ngolo ya positi, ndiye itsogola. Akuti pamwamba pa phiri chipale chagwa kale kamodzi koma njira ikadali yotseguka. A Tokuji amayenda patsogolo, ine ndimagwira chingwe cha katundu wawo. M'mawa uno ndinaona mapiri a kwathu, oyera kunsonga. Diso likadalipo.

Tikafika chakumadzulo, ndidzagona kwa a Jinbei, musadabwe. Ndikufuna kulowa pakhomo masana, dzuwa lili pamutu. Mudzamutulutse panja pamene pali kuwala. Musamuveke zatsopano, musamuuze kuti akhale chete. Athamange, aseke, alire ngati akundiopa, zonsezo ndi zanga.

Mumuuze Fuki kuti abambo ake anamva, ndipo atuluka m'bokosi muja.

Kumezo